Moni wa pa Chikwangwani: Nkhani ya Zilembo za Bulashi

 

Lero tikamba za zilembo. Sitikamba za mawu ayi, koma za maonekedwe a zilembo zimene zimanyamula mawuwo. Mwa mitundu yonse ya zilembo tasankhapo umodzi. Ndi zilembo zija zopendekeka, zogwirana michira, zooneka ngati munthu wangozilemba kumene ndi bulashi yoviika mu penti. Munazionapo. Zili pa khomo la saluni. Zili pa khadi la chinkhoswe. Zili pa bokosi la keke ndi pa malaya a kwaya. Funso langa ndi ili: anazilemba ndani? Nthawi zambiri palibe dzanja limene linagwira bulashi. Ndi kompyuta basi. Nanga makina akuvutikiranji kutsanzira dzanja la munthu?

Tiyambe ndi bulashi yeniyeniyo.

Mukadzapeza mpata, kaimeni pafupi ndi munthu wolemba zikwangwani akugwira ntchito pa khoma la golosale. Musayang'ane mawu. Yang'anani dzanja. Akakanikiza bulashi, mzere umanenepa. Akaikweza pang'ono, mzere umaonda. Akafulumira, zilembo zimaweramira kutsogolo. Penti ikayamba kutha ku bulashi, kumapeto kwa mzere kumaoneka timipata toyera pamene khoma likusuzumira. Diso lathu limaona zonsezi lisanawerenge n'komwe. Limangodziwa kuti apa panali munthu. Munthu amene anapuma, anathamanga, anatembenuza mkono. Ndiye chifukwa chake zilembo zotere zimamveka zaubwenzi. Zimapatsa moni.

Gwirani mawu amenewo, chifukwa tibwereranso kwa iwo. Zilembo za bulashi zimapatsa moni.

Tsono kalembedwe aka kanachokera kuti? Kanabadwa chifukwa cha changu. Ku America ndi ku Ulaya, kompyuta isanabwere, masitolo akuluakulu ankakhala ndi anthu olemba timakhadi ta mitengo ndi ta malonda. Lero nsapato zatsika mtengo, mawa kwabwera nsalu zatsopano. Khadi lililonse linkafunika tsiku lomwelo. Panalibe nthawi yoyeza chilembo chilichonse ndi rula. Choncho amisiriwo anaphunzira kulemba chigawo chilichonse cha chilembo pokoka bulashi kamodzi kokha, osabwererapo. Zotsatira zake zinkaoneka zophweka, ngati zongoseweretsa dzanja. Koma funsani aliyense wodziwa ntchitoyi. Kuti dzanja lifike pomasuka chotero, pamapita zaka.

Apa tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Pali zilembo zolumikizana zochokera ku cholembera chosongoka, zoonda, zopindapinda mwaulemu. Dzina la Coca-Cola pa botolo lija ndi la banja limenelo. Analikonza ndi Frank Robinson, wolemba mabuku a ndalama wa kampaniyo ku Atlanta, m'zaka za m'ma 1880, potsata kalembedwe kamene amalonda a ku America ankalembera makalata nthawi imeneyo. Zimenezo ndi zilembo zovala suti. Zathu za lerozi ndi zina. Ndi zonenepa, zomasuka, zosadandaula kuti mzere wapotoka pang'ono.

Tsopano tipite ku nyumba zosindikizira, kumene nkhaniyi inakafika povuta.

Osindikiza anaona kuti zilembo za bulashi zikukopa ogula. Nawonso anazifuna. Koma masiku amenewo chilembo chilichonse chinkakhala pa kachitsulo kakekake, kosungunula ndi mtovu. Wosanja ankatola kamodzikamodzi, n'kumandandalika mzere. Kwa zilembo zowongoka panalibe vuto, poti chilichonse chimaima pachokha. Koma zolemba pamanja zimagwirana. Mchira wa chilembo ichi uyenera kukumana ndi chiyambi cha chinzake. Ndipo sungadziwiretu kuti chotsatira chidzakhala chiti. Mwina ndi k, mwina ndi m, mwina ndi o. Ndiye wokonza zilembo ankayenera kuonetsetsa kuti michira yonse ikuthera pa msinkhu umodzi, kuti kachitsulo kalikonse kagwirane ndi kena kalikonse. Koma akalongosola kwambiri, bodza limaonekera, chifukwa dzanja la munthu silichita zinthu mofanana chotero. Mwaliona vutolo? Anafunika kupanga chinthu cholongosoka kwambiri chimene chikuoneka chosalongosoka.

Mmodzi mwa anthu amene anakwanitsa ndi Robert E. Smith. M'chaka cha 1942, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili m'kati, kampani ya American Type Founders inatulutsa zilembo zake zotchedwa Brush Script. Zilembo zazing'ono anazipanga dala kuti zisafanane ndendende, kuti zioneke ngati zochokera ku dzanja. Nkhondo itatha, malonda anachuluka ku America, ndipo Brush Script inali paliponse: m'magazini, pa zotsatsa malonda, m'mawindo a masitolo.

Inadzazilala. Kenako inadzukanso pamene makompyuta analowa m'maofesi, chifukwa inkabwera kale m'mapulogalamu olembera. Ngati munatsegulapo Microsoft Word n'kuyang'ana mndandanda wa mafonti, kutanthauza mitundu ya zilembo, mwina munaliona dzinali. Apa ndiye inafika pokwana. Aliyense wofuna kuti chikalata chake chioneke chaubwenzi ankathamangira komweko. Chidziwitso cha msonkhano, Brush Script. Satifiketi, Brush Script. Mapeto ake, Simon Garfield wa ku Britain, m'buku lake la 2010 lokamba za mafonti lotchedwa Just My Type, anaiika m'gulu la mafonti oipitsitsa. Kodi Smith analakwitsa? Ine ndikuti ayi. Ntchito yake inali yaluso. Koma akulu anati tsabola wakale sawawa. Moni amene wamveka kambirimbiri m'mawu omwewo, m'kamvekedwe komweko, sakhudzanso mtima.

Tiwoloke nyanja, tipite ku France.

Mu mzinda wa Marseille munali kampani yosula zilembo ya Fonderie Olive. Kumeneko kunkagwira ntchito Roger Excoffon. Iyeyu anatenga njira ina. M'malo motsanzira wolemba zikwangwani, anatsanzira kalembedwe ka dzanja lake lomwe. M'chaka cha 1953 anatulutsa zilembo zotchedwa Mistral, dzina la mphepo yamphamvu imene imaomba kum'mwera kwa dzikolo. Mukaziona, zimakhala ngati zikudumphadumpha pa mzere, zina kukwera, zina kutsika, ngati kalata yolembedwa mothamanga. Chonsecho tizitsulo take tinkakhala pa mzere wowongoka ngati tina tonse. Anapusitsa diso. Mpaka lero Mistral ikugwirabe ntchito. Amene munaonera kanema wa Drive wa 2011, zilembo zapinki za mutu wake zija ndi zimenezi.

Excoffon yemweyo anadzatulutsanso zina zotchedwa Choc, zonenepa, zooneka ngati wina wamenya bulashi yaikulu pa pepala mwaukali. Chodabwitsa n'chakuti Choc inakatchuka pa zikwangwani za malo odyera zakudya za ku China ndi ku Japan m'mizinda ngati New York. Anthu akaiona amakumbukira malembo a bulashi a kum'mawa kwa Asia, kumene bulashi yakhala cholembera kwa zaka zambirimbiri. Koma mwini wake anali Mfalansa. Chilembo chikatuluka m'manja mwa wochipanga, chimakapeza ntchito kumene iye sanaganizireko.

Tibwere ku masiku athu ano.

Lero simufunika chitsulo. Simufunika ngakhale kompyuta. Mnyamata ali ndi foni amatsegula Canva n'kukonza chithunzi choitanira anthu ku ukwati asanatsike m'minibasi. Pa Google Fonts pali zilembo zaulere zambiri za mtundu uwu. Ziwiri zimene mumakumana nazo kawirikawiri ndi Lobster, ya Pablo Impallari wa ku Argentina, ndi Pacifico, ya Vernon Adams. Mwina mayina simukuwadziwa, koma nkhope zake mukuzidziwa. Zili pa makapu, pa zikwama, pa zithunzi za tsiku lobadwa zoyenda pa WhatsApp.

Ndikupatseni kamayeso kamene mungachite lero lomwe. Pezani chikwangwani cholembedwa kuti Takulandirani m'zilembo za bulashi. M'mawu amenewa chilembo a chilimo katatu. Yang'anani atatuwo. Kodi akufanana ndendende, mimba imodzi, mchira umodzi? Ngati ndi choncho, ndi makina. Dzanja la munthu silingalembe a yemweyo katatu. Mmodzi amanenepako, wina amaweramako. Ndipo apa Chichewa chimaulula chinyengo msanga. Mawu athu ali ndi mavawelo ambiri, ndipo ndi asanu okha amene timangobwerezabwereza. Chilembo a sichisowa. Choncho fonti yaulesi, yokhala ndi a mmodzi yekha, imaonekera poyera pa chikwangwani cha Chichewa.

Okonza mafonti amalidziwa vutoli. Njira yosungira mafonti yotchedwa OpenType, imene Microsoft ndi Adobe anakonzera limodzi, imalola kuti chilembo chimodzi chikhale ndi maonekedwe angapo. Kompyuta imasankha yokha malinga ndi chilembo chimene chili kutsogolo kapena kumbuyo. A wa pakati pa mawu amasiyana ndi a wa kumapeto. Lobster ili ndi luso limeneli. Koma si fonti iliyonse ili nalo, ndipo si pulogalamu iliyonse imaligwiritsa ntchito. Ndiye musanasankhe, lembani mawu anu enieniwo, muwayang'ane. Musakopeke ndi chitsanzo chimene wogulitsa fonti waonetsa, poti iye amasankha mawu amene amakomera zilembo zake.

Tafika tsopano pa funso lalikulu. Kodi zilembo zimenezi tizigwiritse ntchito pati, ndipo tizipewe pati?

Choyamba, kumbukirani mawu aja: zilembo za bulashi zimapatsa moni. Pa ukwati pamakhala anthu oima pa khomo, omwetulira, olandira alendo. Pamakhalanso munthu wina wolengeza dongosolo, wonena kuti perekaniperekani ayamba nthawi yakuti, mphatso zipite apa. Onse ndi ofunika, koma ntchito zawo n'zosiyana. Zilembo za bulashi ndi za pa khomo. Zimapatsa moni, sizifotokoza nkhani.

Ndiye dzina la saluni yanu, lilembeni ndi bulashi. Mayina a mkwati ndi mkwatibwi pa khadi, bulashi. Mawu amodzi kapena awiri, monga Zikomo, monga Zatsopano, monga Tatsegula, bulashi imawakhala bwino. Koma tsiku la ukwati? Nthawi? Dzina la holo? Nambala ya foni? Zimenezo zipatseni zilembo zowongoka, zosakongoletsa. Ndi angati a inu munalandirapo khadi lokongola zedi, koma n'kuimbira foni mwini wake kufunsa kuti kodi apa mwalemba chiyani? M'mafonti ambiri a bulashi, wani ndi seveni amafanana. Ziro ndi sikisi amasokonezeka mchira ukapindika. Pa nambala yolandirira ndalama pa foni, kulakwitsa pamodzi pokha ndalama zapita kwa mlendo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taganizirani za zikwangwani za pamsewu, zolozera ku Zomba, ku Dedza, ku Chipata. Munaonapo cholembedwa ndi zilembo zopindapinda? Simunaonepo. Woyendetsa galimoto ali ndi kamphindi kochepa koti awerenge. Chimodzimodzi pa botolo la mankhwala, pamene alemba kuti mwana amwe kangati pa tsiku. Pamenepo sipofunika moni. Pofunika kumva bwino, kamodzi, osakayika. Inu a golosale, inu a kabaza amene mwalemba nambala kumbuyo kwa njinga, phunziranipo. Wowerenga wanu akuyenda. Saima kuti amasulire.

Chachiwiri, ndipo ichi chimandipweteka m'maso kuposa zonse. Musalembe mawu onse m'zilembo zazikulu, zija timayambira nazo dzina la munthu. M'mafonti a bulashi, chilembo chachikulu anachipanga kuti chiyambe mawu, chitambasule manja, kenako zazing'ono zitsatire zitagwirana. Mukandandalika zazikulu zokhazokha, chilichonse chimatambasula manja ake, n'kumagundana. Sizigwirana, siziwerengeka. Mawu akuti SALUNI amasanduka mpanda wa minga. Ngati mukufuna kuti dzina lioneke patali, likulitseni msinkhu, koma lisiyeni m'zilembo zazing'ono. Musatalikitsenso mipata pakati pa zilembo. Mukatero michira imaduka, ndipo chinsinsi chonse chija cha kugwirana chimatha.

Chachitatu. Fonti ya bulashi ikhale imodzi pa chikwangwani chimodzi. Ndikudziwa, mndandanda ndi wautali, ndipo iliyonse ikukoma. Iyi ya dzina, iyi ya mitengo, iyi ya vesi la m'munsi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zikachuluka, diso silidziwa poyambira. Imodzi ya bulashi, imodzi yowongoka yoithandiza, zakwana.

Palinso nkhani ya ulemu. Zilembo zimakhala ndi kamvekedwe, monga mawu a pakamwa. Pacifico inatengera zilembo za achinyamata osewera pa mafunde a nyanja ku America m'zaka za m'ma 1950. Ndi yachisangalalo, yoseka. Pa malo ogulitsa ayisikilimu ikukhala. Nanga pa malo okhoma mabokosi a maliro? Nanga pa khomo la loya, kumene munthu akupita ndi mlandu wa malo? Munthu wosweka mtima safuna chikwangwani chomusekerera. Musanasankhe, dzifunseni kuti, mawu awa ndikanawalankhula pakamwa, ndikanawalankhula ndikuseka kapena nditafatsa?

Tsopano kanthu kena kokhudza ife olemba Chichewa makamaka. Mafonti ambiri aulere anakonzedwa poganizira Chingerezi chokha. Ndiye ngati ndinu mmodzi wa amene amalemba Malaŵi ndi w wovala kachipewa pamwamba, kapena mukulemba Chitumbuka mmene chilembochi chimapezeka kwambiri, yesani kaye. Fonti ikakhala kuti ilibe chilembocho, kompyuta imabwereka ku fonti ina, kapena imangoika kabokosi kopanda kanthu. Pakati pa zilembo zovina bwino pamaima mlendo wowuma. Chilembo chomwechi chimapezekanso m'chilankhulo cha ku Wales, choncho mafonti okonzedwa mosamala, oganizira zilankhulo zambiri za ku Ulaya, amakhala nacho. Onaninso kachizindikiro kam'mwamba kaja ka m'mawu monga ng'ombe, pang'ono, m'mudzi. Ife timakagwiritsa ntchito kwambiri. M'zilembo zogwirana, kachizindikiroka kamagwera pamene michira ikukumana. M'mafonti ena kamadula mawu pakati, m'ena kamabisala m'chilembo choyandikana nacho. Lembani mawu anu, muone ndi maso anu musanalipire wosindikiza.

Ndipo kuona kwake kusakhale kwa pa foni pokha. Pa foni chilichonse chimakoma, poti chili pafupi ndi mphuno. Sindikizani pa pepala wamba, mulimate pa khoma, mubwerere m'mbuyo mpaka tsidya la msewu. Itanani mwana wa sukulu, kapena agogo, muwafunse kuti pamenepo palembedwa chiyani. Akachedwa kuyankha, sinthani.

Pa za malamulo ndingodutsapo mwachidule. Si fonti iliyonse ya pa intaneti imene ndi yaulere pa malonda. Zambiri amalola kuti muzigwiritse ntchito pa zanu zokha, koma mukaika pa katundu wogulitsa, mwini wake amafuna malipiro. Za pa Google Fonts zimaloledwa ngakhale pa bizinesi. Zina, werengani kaye chilolezo chake.

Nditsirize ndi anthu amene tinayamba kuwaiwala. Ku America, makina odula zilembo za pulasitiki atafika m'zaka za m'ma 1980, olemba zikwangwani ambiri anataya ntchito. Patapita zaka, anthu anayamba kuwasowa. Mu 2013 kunatuluka kanema wotchedwa Sign Painters wofotokoza za amisiri amene anatsala, ndipo achinyamata ena kumeneko ayambanso kuphunzira ntchitoyi. Ngakhale makampani akuluakulu amafika pozindikira kuti fonti yogula ndi ya aliyense. Instagram inayamba ndi dzina lolembedwa m'fonti yotchedwa Billabong, imene wina aliyense akanatha kuipeza. Kenako inalemba ntchito katswiri, Mackey Saturday, kuti alijambule mwapadera, likhale lawolawo.

Kuno kwathu amisiri amenewa alipobe. Ali ku Limbe, ali ku Mzuzu, ali ku Lusaka, ali pafupifupi pa msika uliwonse waukulu. Ndi amene amalemba mayina pa makoma a magolosale, pa mabwato a ku nyanja, kumbuyo kwa malole. Zikwangwani za pulasitiki zosindikiza pa makina zikuwalanda makasitomala, n'zoona. Koma ngati mukutsegula bizinesi ndipo mukufuna dzina la bulashi, pali njira yogwiritsa ntchito zonse ziwiri. Pitani kwa mmisiri wotere ndi pepala loyera lalikulu. Akulembereni dzinalo ndi penti yakuda, kangapo, mpaka mupeze limene lakukomerani. Mulipireni bwino, ndipo mugwirizane poyera kuti mudzaligwiritsa ntchito pa malonda anu. Kenako lijambuleni pa malo owala, mupite nalo kwa wodziwa kompyuta aliyeretse. Dzina limenelo mungaliike pa chikwangwani, pa malisiti, pa Facebook, pa malaya a antchito anu. Nambala ya foni ndi mitengo, wa kompyutayo aziwonjezera m'munsi ndi zilembo zowongoka.